Kodi dziko limatukuka ndi chikwapu?

Bambo wina wa ku Kasungu watumiza imelo kufunsa kuti: "Anthu m'maminibasi akuti chomwe tikusowa ndi mtsogoleri woopedwa, wosaseka ndi munthu. Amatchula za South Korea, ati inatukuka chifukwa cha msilikali. Kodi n'zoona kuti popanda nkhanza dziko silingatukuke?"

Bambo, msilikali akunenedwayo ndi Park Chung-hee. Analanda boma mu 1961 n'kulamulira mpaka pamene anawomberedwa mu 1979. Nkhanza anali nazodi: otsutsa ankamangidwa, ndipo ogwira ntchito m'mafakitale ankakhetsa thukuta maola ambiri pa malipiro ochepa. Koma tsidya la malire, ku North Korea, ulamuliro unali woopsa kuposa pamenepo, ndipo m'zaka za m'ma 1990 anthu kumeneko anafa ndi njala. Mobutu naye anaopedwa ku Zaire (lero DR Congo) kuyambira 1965 mpaka 1997, n'kusiya dziko lili mbuu. Ndiye funso ndi lakuti, kodi chikwapucho chinkagwera yani?

Kwa Park, mwambo unkagwiranso boma lenilenilo ndi eni makampani. Mwezi ndi mwezi ankakhala iye mwini pampando pa msonkhano wounika katundu wogulitsidwa kunja, nduna ndi amalonda ali pomwepo. Mabanki anali m'manja mwa boma, choncho ngongole yotchipa inkapita kwa kampani yomwe yakwanitsa mlingo umene inapatsidwa. Ikalephera, mpopi unkatsekedwa. Muyeso wake sunali wonamizira, chifukwa wogula wa ku America kapena ku Japan salipira katundu woipa pofuna kusangalatsa pulezidenti. Mu 1964 dzikolo linagulitsa kunja katundu wa madola 100 miliyoni. Pofika 1977 anali madola 10 biliyoni.

Kumidzi nako anachita chimodzimodzi. Pa ntchito yotukula midzi yotchedwa Saemaul Undong, yomwe inayamba mu 1970, midzi yoposa 33,000 inalandira matumba a simenti 335 uliwonse. Anthu ankasankha okha chochita: kukonza zitsime, kumanga timilatho, kukulitsa msewu wolowera m'mudzi. Kenako boma linayendera n'kuona. Pafupifupi theka la midziyo inagwira ntchito yooneka, ndipo ndi yokhayo imene inawonjezeredwa matumba 500 ndi tani imodzi ya zitsulo. Yotsalayo inangoonerera anzawo akudutsa pa mlatho wa konkire. Apa panalibe womangidwa, chinagwira ntchito ndi kuwerengera ndi manyazi. Tisaiwalenso kuti minda inali itagawidwa kale kwa alimi cha m'ma 1950, Park asanabwere, kotero mlimi ankalimbikira pa munda wake.

Kwathu kuno mwambo tinauona. Ngodya zinayi za Kamuzu zinali umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Ogwira ntchito m'boma ankafika nthawi yake, misewu inkasesedwa, likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975. Izi sitingazikane. Koma taonani kumene chikwapu chinkalunjika: khadi la chipani polowa mumsika, lamulo la 1973 loletsa amayi kuvala mathalauzi, anyamata kumetedwa tsitsi. Pomwe ADMARC inkagula mbewu kwa alimi ang'onoang'ono pamtengo wotsika, phindu lake n'kumakathandiza maesiteti ndi Press Holdings, kampani ya Kamuzu. Mlimi wa m'mudzi sankaloledwa n'komwe kulima fodya wa bale mpaka cha m'ma 1990. Wa ku Kasungu ngati inu mukudziwa amene ankakhala matenanti pa maesitetiwo.

Chimene chimavuta pa ulamuliro wa munthu mmodzi n'chakuti uthenga woipa sufika pamwamba. Nduna zimene zinayesa kutsutsa mu 1964 zinachotsedwa, zina n'kuthawira kunja. Mu 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, komanso phungu David Chiwanga anaphedwa ku Mwanza. Zikatero, ndani angauze bwana kuti ndondomeko yake yalakwika?

Mukawayankha a m'minibasiwo, atchulireni Botswana. Kuyambira 1966 akhala akuchita zisankho, koma ndalama za dayamondi ankazilowetsa mu bajeti motsatira mapulani a chitukuko ovomerezedwa ndi nyumba ya malamulo, ndipo ntchito yosalembedwa mu pulaniyo sinkapatsidwa ndalama mwachisawawa.