Ntchafu yathyoka, chiuno chaguluka mwendo womwewo

Mayi ena anditumizira imelo, dzina sinditchula. Akuti mchimwene wawo anakhala kutsogolo mu minibasi itawombana ndi lole, kuchipatala anapeza kuti fupa la ntchafu lathyoka nkumumangirira zolemera kumwendo, ndiye patapita masiku awiri atajambulanso mpamene anaona kuti chiunonso chinaguluka mbali yomweyo. Funso lawo ndi loti bwanji madokotala sakungochikoka kuti chibwerere, mpaka kukamba za ku fiyeta? Abale ena akuti amutulutse apite naye kwa asing'anga.

Achemwali pepani kwambiri. Za asing'angazo tithane nazo pompano, ayi, musayerekeze.

Munthu akakhala pampando bondo lili lopinda nkumenyetsa pa dashibodi, mphamvu yonse imadutsa mu ntchafu nkukankhira mutu wa fupa, kobulungira kaja, kunja kwa kabowo kake cha kumbuyo. Mwa anthu 10 oguluka chiuno pafupifupi 9 chimagulukira kumbuyo choncho. Fupa likakhala lamphumphu sizivuta kudziwa, mwendo umafupika, bondo ndi phazi zimapotokera mkati. Koma likathyoka pakati, mbali ya m'munsi imangogwera komwe yafuna, chizindikiro chija chimabisika, wodwala naye akulira ntchafu basi ndiye maso a aliyense ali pomwepo. Nchifukwa chake ine ndimalimbikira kuti wothyoka ntchafu pangozi ya pamsewu azijambulidwa ndi chiuno chomwe tsiku lomwelo, zoti filimu ya X-ray yachepa si chifukwa.

Tsopano zokokazo. Ntchafu ikakhala yosathyoka, nthawi zambiri amamugoneka munthu tulo, wina nkupanikiza chiuno pansi, wina nkupinda bondo nkukokera m'mwamba mpaka fupa limveke kuti khu. Koma taganizani khasu lothyoka mpini, mungazule nalo chitsa? Ukakoka pabondo ukungokoka chidutswa cha m'munsi, cha m'mwamba chomwe chagulukacho sichisuntha nkomwe, ungowonjezera kung'amba minofu ndi mitsempha. Ndiye ku fiyeta amaboola kachitsulo pa chidutswa cha m'mwambacho kuti pakhale pogwira, nkukokera pamenepo. Zikakanika, kapena ngati kachidutswa ka fupa kagwera m'kabowo, amang'amba nkubwezeretsa akuona ndi maso. Chiuno chikalowa mpamene amalowetsa chitsulo chachitali m'kati mwa fupa la ntchafu, kawirikawiri pa opaleshoni yomweyo. Chikhakha apa sichigwira ntchito.

Choyamba ndi chiuno chifukwa ntchafu itha kudikira pa zolemera paja, chiuno sichidikira. Mutu wa fupa umalandira magazi kudzera mu timitsempha ting'onoting'ono todutsa pakhosi pake, ukakhala panja timapindika, ndipo ukasowa magazi nthawi yaitali umafa nkuyamba kuphwanyika pang'onopang'ono. Madokotala amafuna chibwerere pasanathe maola 6. Inu masiku adutsa kale, sindikubisirani, chiopsezo chakwera, komabe si onse amene fupa limafa ndipo tsiku lililonse lowonjezera likungoipitsa zinthu. Ngati pamene mulipo palibe dokotala wa mafupa wopanga opaleshoni yotere, pemphani kalata akutumizeni kuchipatala chachikulu ngati Queens ku Blantyre kapena Central ku Lilongwe, lero lomwe osati Lolemba.

Panopa muuzeni akweze phazi ndi zala m'mwamba. Akalephera kapena akamati phazi lachita dzanzi, auzeni a dokotala alembe, chifukwa kumbuyo kwa chiuno kumadutsa mtsempha waukulu woyendetsa phazi ndipo pafupifupi mmodzi mwa 10 umapanikizika. Ambiri umatsitsimuka koma zimatenga miyezi.

Akatuluka kuli ndodo ndi mafizo, tsiku loyamba kuponda anene ndi dokotala osati iyeyo. Ndipo ngakhale atayamba kuyenda bwinobwino asataye buku lakuchipatala, kufa kwa fupa kuja kumatha kuonekera ngakhale patapita zaka ziwiri. Akadzayamba kumva kupweteka mphechepeche kapena kutsimphina, abwerere akajambulitse.