Mulekeni mwana apite, koma kaonaneni kaye ndi aphunzitsi ake

Amayi, funso limene mwalemba mu gulu muno ndaliwerenga pamodzi ndi mayankho onse a ena. Mwati mwana wanu wa Giredi 4 wabwera ndi kalata yoti kalasi lawo likupita ku Munda Wanga, malo oonerako maluwa ndi nyama, temu ino, ndipo kholo lililonse lisaine ndi kupereka ndalama ya basi ndi yolowera pageti. Mukufuna kudziwa ngati sukulu ya boma ikuloledwa kupempha ndalama pamene maphunziro ndi aulere, komanso ngati maulendo oterewa ali ndi phindu kapena ndi masewera chabe. Ine ndaphunzitsa ku pulayimale muno mu Lusaka zaka zambiri, ndipo ana ndawaperekeza kambirimbiri. Mundikhululukire, nditalikitsa.

Za ndalama tithane nazo msanga. Nzoona kuti kuyambira Januwale 2022 boma linachotsa fizi m'sukulu zake, pamodzi ndi ndalama za PTA (komiti ya makolo ndi aphunzitsi) ndi za mayeso. Sukulu imalandira ndalama kuchokera ku boma zoyendetsera zinthu za tsiku ndi tsiku, monga choko, mapepala, sopo ndi mabilu a madzi ndi magetsi. Koma mwini basi sadya maphunziro aulere, amafuna ya dizilo ndi ya dalaivala wake, ndipo pageti la malo amene mukupitawo pali wodula matikiti. Choncho ndalama ya ulendo si fizi. Chimene sindigwirizana nacho ndi kukakamiza. Ulendo ndi wa amene wafuna ndipo wakwanitsa. Mwana amene sanapereke asathamangitsidwe m'kalasi, asamanidwe lipoti, asatchulidwe dzina pa asembule ngati wolakwa. Zikachitika zotere kaonaneni ndi ahedi, ndipo akapanda kukumverani, ofesi ya DEBS, yoyang'anira sukulu za m'dera lanu, ilipo chifukwa cha nkhani ngati zimenezi.

Tsopano kwa abambo amene alemba kuti ana azingokhala m'kalasi chifukwa ndiko kuli maphunziro. Bambo, munalowamo liti m'kalasi la sukulu ya boma komaliza? Tsiku la mwana wa ku Chawama, ku Kanyama, ku Matero kapena ku Mtendere limayamba ndi tsache: kusesa m'kalasi, kutola mapepala pabwalo, kuthirira maluwa ngati pampopi pakutuluka madzi. Tsiku la asembule aima pamzere, aimba nyimbo ya fuko, ahedi alankhula za mayunifomu ndi za ochedwa. Akalowa, desiki ya ana awiri imakhala ndi atatu kapena anayi. Sukulu zambiri zili ndi magulu awiri, a m'mawa ndi a masana, ndiye belu likangolira ena akutuluka, ena ali kale pakhomo ndi zikwama zawo. Chiyambire maphunziro aulere ana anachuluka kwambiri, chimene ndi chinthu chabwino, ndipo ngakhale boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 mu 2022, mphunzitsi mmodzi akadali ndi mitu yambiri yoyang'ana kwa iye. M'maola ochepawo ayenera kuphunzitsa, kuchonga mabuku, kuweruza milandu ya mapensulo obedwa, ndi kutonthoza wina amene wabwera wosadya. Njovu amaijambula pabolodi ndi choko, ndipo mwana amaikopera m'kope mwake yaing'ono kuposa chala chake.

Ife amene tinakulira ku Katete kapena ku Chadiza, zambiri za m'buku la sayansi tinazidziwira kubusa ndi kudimba tisanaziwerenge. Mwana wobadwira mu komboni amadziwa njira zonse za maminibasi, amadziwa kutumiza ndalama pafoni kuposa agogo ake, koma kamba sanamuonepo akuyenda. Ena mwa madzi amene timamwa mu Lusaka amachokera mu mtsinje wa Kafue kudzera m'mapaipi, koma mufunseni mwana kuti mtsinje umaoneka bwanji, akuuzani za ngalande ya pafupi ndi nyumba imene imasefukira dzinja likafika. Ulendo wa sukulu umatseka mpata umenewu. Zimene waziona ndi maso zimakhala m'mutu, ndipo mphunzitsi akadzabwereranso ku phunziro lomwelo amapeza poyambira.

Munda Wanga ili ku Chilanga, mumsewu wa Kafue, ndipo kwa ana a msinkhu wa mwana wanu ndi malo oyenera. Ndi pafupi, kuli mitengo ndi maluwa a mitundumitundu, kuli mithunzi yokhalamo podya, ndipo kuli mbali yosungirako nyama. Mphunzitsi wokonzeka amawapatsa ana kantchito asananyamuke: kulemba mayina a nyama zimene aone, chimene nyama iliyonse imadya, kusiyana kwa masamba a mitengo iwiri kapena itatu. Popanda zimenezi, ulendo umasanduka kudya mabisiketi ndi kuthamangitsana pakapinga. Apa ndiye pali kusiyana konse, ndipo ndicho choyamba chimene ndingafunse aphunzitsi a kalasi: anawa akukachita chiyani akafika?

Malo ena alipo ambiri, ndipo zimandiwawa kuti sukulu zina zimangodziwa amodzi chaka ndi chaka. Lusaka National Park inatsegulidwa mu 2015 chakum'mwera cha kum'mawa kwa mzinda, ndipo muli mbidzi, nyumbu, akadyamsonga ndi chipembere. Ana a njovu amasiye amene kale ankasungidwa ku Lilayi anasamutsidwira komweko, ndipo kuona kanjovu kakumwa mkaka wa m'botolo kumatsegula mafunso amene buku silingatsegule: amake ali kuti, anawapha ndani, minyanga amapita nayo kuti. Ku Kalimba kuli ng'ona, njoka ndi akamba. Kumeneko ana amayamba ndi kukuwa, kenako amafunsa mafunso osatha, ndipo amabwerako akudziwa kuti si njoka iliyonse imene ili ndi ululu.

Koma ine pamtima panga pali ulendo wa mbiri ya dziko, umenenso ndi wotchipa chifukwa zonse zili m'tauni momwemuno. Muyambire ku Chilenje House 394, nyumba imene a Kenneth Kaunda anakhalamo kuyambira 1960 mpaka 1962, pamene nkhondo yomenyera ufulu inali itafika pachimake. Ana amadabwa kuona kuchepa kwa nyumbayo. Amaganiza kuti mtsogoleri woyamba wa dziko ankakhala m'chinyumba cha mpanda wautali, ndiye apeza tizipinda tofanana ndi ta kwawo, ndi Land Rover yakale ili panja. Kuchoka apo mupite ku Lusaka National Museum mumsewu wa Independence Avenue, imene inatsegulidwa mu 1996. Pansi pali zojambula ndi zosema, pamwamba pali mbiri ndi zipangizo za makolo: mitondo, misampha, ng'oma, zida zosakira. Pafupi pomwepo pali Freedom Statue, chiboliboli cha munthu akudula unyolo, chimene chinaimikidwa mu 1974 pokumbukira zaka 10 za ufulu. Mwana amene anachionapo pa ndalama za pepala akaima pansi pake, tsiku la 24 Okutobala limasiya kukhala tsiku longopuma kusukulu. Nthawi ikalola mutsirizire ku Embassy Park, kumene kunaikidwa atsogoleri akale a dziko, a Levy Mwanawasa, a Frederick Chiluba, a Michael Sata, a Kaunda ndi a Rupiah Banda. Mayina amene ana amavutika kuloweza pamzere amakhala m'mutu okha akaona manda ake.

Ena mu gulu muno anena za Livingstone ndi Siavonga. Mosi-oa-Tunya ndi malo oti mwana aliyense wa mu Zambia adzawaone, sindikana, ndipo damu la Kariba nalonso ndi phunziro lalikulu la kumene magetsi athu amachokera. Koma ku Livingstone ndi makilomita oposa 450, kutanthauza kugona komweko, ndipo msewu wa ku Siavonga uli ndi mapiri ndi makona ofuna basi ya mabuleki abwino. Maulendo amenewo ndi a ana a makalasi apamwamba, okonzedwa miyezi ingapo, makolo akupereka pang'onopang'ono. Wa Giredi 4 apite kufupi, abwere dzuwa lisanalowe.

Safunsa anadya phula, Amayi, ndiye musasaine kalatayo musanafike pasukulu. Funsani za basi. Ndi ya ndani, ili ndi mipando ingati, ana ndi angati, mapepala ake a RTSA (bungwe loona za magalimoto pamsewu) ndi inshuwalansi ali bwino? Pasukulu ina imene ndinaphunzitsako, komiti inafuna kupulumutsa ndalama, inabweretsa minibasi imodzi m'malo mwa ziwiri, nkumati ana ndi ang'onoang'ono, akhoza kukhalirana pamiyendo. Makolo awiri amene anaperekeza ana awo m'mawa umenewo anakana kuti basi inyamuke mpaka yachiwiri itabwera. Tinachedwa, ena anadandaula, koma makolowo ndiwo anali olondola. Mwana aliyense akhale ndi mpando wake. Funsaninso kuti akulu opita nawo ndi angati, ndipo pakhale aphunzitsi aakazi oti atsikana awauze zosowa zawo momasuka. Sukulu zambiri zimalola kholo limodzi kapena awiri a m'komiti kupita nawo. Ngati tsikulo muli ndi mpata, dziperekeni. Mphunzitsi wanzeru sakana maso owonjezera, chifukwa ntchito yaikulu ya tsiku limenelo ndi kuwerenga mitu: pokwera, potsika, pochoka kuchimbudzi, ponyamuka.

Ngati mwana ali ndi mphumu, khunyu, kapena pali chakudya chimene chimamudwalitsa, lembani pakalatapo ndipo muwauzenso aphunzitsi pakamwa. Mankhwala apatsidwe kwa mphunzitsi. Kapepala ka nambala yanu ya foni kakhale m'thumba la yunifomu, ndipo yunifomuyo avale ndithu ngakhale alire kuti anzake avala zovala za kunyumba, chifukwa pagulu la anthu ndi imene imathandiza kumuona msanga.

Chakudya musadzivutitse nacho. Mbatata yophika, mazira, vitumbuwa, mtedza wokazinga, nthochi, ndi botolo lalikulu la madzi owiritsa kapena othira klorini, basi. Mpunga wa nkhuku wophikidwa usiku umafika masana utasasa, makamaka mwezi wa Okutobala. Zamafuta ambiri m'mawa zimabwerera m'basi, choncho kapulasitiki kapadera kasasowe m'chikwama. Ndalama ya m'thumba ikhale yochepa. Mumuuzenso kuti kumene kuli anyani ndi apusi chakudya sachionetsa, ndipo chala sachilowetsa pawaya, ngakhale nyamayo ioneke yogona.

Nyengo nayonso muiganizire. Temu yachiwiri, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndiyo yabwino: kulibe mvula, misewu ndi youma, kungofunika juzi m'mawa. Temu yoyamba ndi ya matope ndi matenda a m'mimba. Tonse tikukumbukira 2024, pamene kolera inachititsa kuti sukulu zitsegulidwe pa 12 Febuluwale m'malo mwa Januwale, odwala ali ku Heroes Stadium. Nyengo ngati imeneyo ulendo ukhoza kudikira.

Chimene chimandisowetsa mtendere pa maulendowa ndi ana otsala. Basi ikunyamuka, anzawo akuimba ndi kubayibitsa pawindo, iwo aima pampanda. Tsiku lotsatira nkhani m'kalasi ndi imodzi yokha, ndipo iwo alibe choyankhula. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Makolo a kalasi limodzi mukhoza kugwirizana kuti amene angathe awonjezere kangachepe, aphunzitsi nkusankha mwakachetechete ana oti athandizidwe, popanda kuwaimiritsa kutsogolo. Sukulu zina zimagulitsa ndiwo za m'dimba la sukulu kapena kuchita tsiku lovala zovala za kunyumba kuti zipeze ya basi. Nkhani imeneyi muikweze pamsonkhano wa makolo, chifukwa aphunzitsi paokha amaopa kuoneka ngati akupemphetsa.

Ndipo ngati mwezi uno zinthu zathina, ndalamayo simuipeza, musadzione ngati mwalephera. Pasukulu pali zambiri zaulere zimene makolo sazifunsa nkomwe. Kalabu ya Chongololo, imene ambiri a ife tinakuliramo tikumvera pulogalamu yake pawailesi, imaphunzitsa za nyama, mitengo ndi kusamala chilengedwe. JETS ndi ya ana okonda sayansi ndi kupangapanga zinthu. Kuli kwaya, masewero, ndakatulo, magule a makolo, mpira wa miyendo ndi wa manja, ndi mipikisano yothamanga. Mwana wamanyazi m'kalasi nthawi zina mumamupeza ndiye akutsogolera nyimbo pa tsiku la ufulu. Mufunseni mwana wanu kuti ali mu kalabu iti. Akati palibe, nkhani yoyamba ndi aphunzitsi ake ikhale imeneyo. Ku Chilenje House ndi ku museum mukhozanso kupita naye nokha tsiku lina pa minibasi.

Akapita, madzulo ake mukamudikire pageti la sukulu, chifukwa basi za maulendo sizisunga nthawi, ndipo msewu wa Kafue umadzaza anthu akamaweruka kuntchito. Tengani nambala ya mphunzitsi mmodzi amene ali m'basimo, koma musamuimbire mphindi iliyonse, manja ake ali pa ana. Kalata ija ngati sinatchule nthawi yonyamuka ndi yobwerera, dzina la mphunzitsi wotsogolera ndi siginecha ya ahedi, ibwezeni ailembenso musanapereke ndalama.