Yankho kwa achemwali ofunsa za khungu mu ma telenovela

Achemwali mwafunsa kuti bwanji mu ma telenovela a ku Mexico ndi Colombia onse amakhala oyera mbee, kodi kumeneko kulibe anthu akuda, nde ndaona ena akuyankhani kuti kulibe. Alipo ndithu, ambirimbiri. Brazil yokha inalandira akapolo ochokera ku Africa oposa 4 miliyoni, ena anatengedwa pa Mozambique pompa, ndipo ukapolowo anauthetsa mochedwa, mu 1888. Ku Mexico kalembera wa 2020 anapeza anthu pafupifupi 2.5 miliyoni akuti makolo awo anali a ku Africa. Kungoti pa TV sawapatsa gawo la mkazi wa bwana, tsiku lina mudzaonetsetse amene wavala epuloni wanyamula thireyi ya tiyi kuti khungu lake ndi lotani.

Zinayamba nthawi ya atsamunda a ku Spain ndi Portugal, iwo ankaika anthu m'magulu potengera kuti magazi achizungu ali nawo ochuluka bwanji, woyererako ali pamwamba wakuda bii pansi penipeni, nde atsamunda anapita koma maganizowo anatsala m'makomo. Mpaka pano agogo ena kumeneko amauza mdzukulu kuti "mejorar la raza", kutanthauza kuti ukwatiwe ndi woyera mtundu wathu ukonzeke. Ku Dominican Republic tsitsi ngati lathuli amalitchula "pelo malo", tsitsi loipa. Mtsogoleri wawo wankhanza Trujillo ankadzipaka phawuda kuti aoneke woyera, mu 1937 n'kulamula kuti aphe anthu a ku Haiti masauzande okhala m'malire, chonsecho agogo ake aakazi anali ndi magazi a ku Haiti komweko, tangoganizani.

Kwa akuda a ku America nako n'chimodzimodzi. Ana oyererako amene azungu eni minda ya akapolo ankaberekera akapolo awo ndi amene nthawi zambiri ankagwira ntchito m'nyumba, ena mpaka kumasulidwa n'kuphunzira, ndiye patsogolo pake makalabu ena a anthu akuda okhaokha ankayerekeza khungu la munthu ndi pepala labulauni logulira zinthu, ukada kuposa pepalalo sulowa. Wakubweza pakhomoyo wakuda mnzako.

Koma tisawaseke kwambiri, ifenso bwanji ndi mawu a yellow bone tinatola ku Joni aja, ndi mafuta oyeretsa ali mbwee mu msika, nkhope Fanta miyendo Coca-Cola. Mwana wa mchemwali wanga atabadwa azakhali asanafunse n'komwe kuti mayi ake ali bwanji anayamba n'kupinda kakhutu ka khandalo kuona m'mphepete, kenako amvekere "aa, kada aka, katengera bambo ake". Tonse tinaseka, inenso ndinaseka nawo. Pano ali folomu 2, tsiku lina ndinapeza kabotolo ka Caro Light, mafuta oyeretsa aja, m'chikwama chake cha kusukulu.