Musagule babu lachinayi musanayeze magetsi

Achimwene, mwati njinga yanu yamoto ya 150cc yapsereza mababu atatu a kutsogolo mwezi uno wokha, batire nalo lafooka moti mukungodalira kiki, ndipo mukufunsa ngati vuto ndi mababu osalimba. Mababu achabechabe alipodi pamsika, sindikukana. Koma atatu pamwezi umodzi, batire nalo n'kumavuta nthawi yomweyo, ine ndikukayikira kwambiri mbali yotchaja.

Yambani mwadziwa kumene nyali yanu imatenga magetsi. Tsegulani kiyi injini isanalire, muyatse nyali. Ikayaka, ndiye kuti imadya ku batire, ndi ya DC, magetsi oyenda mbali imodzi. Ikamadikira injini kuti ilire, n'kumawala kwambiri mukamawonjezera moto, ndiye kuti imadya kuchokera ku koyilo ya mu magineto, yomwe imapanga magetsi injini ikamazungulira, ndi ya AC, magetsi osinthasintha mbali. Njinga zing'onozing'ono zambiri za kabaza zili choncho. Koyilo imeneyi payokha siidziwa polekezera: injini ikamathamanga, magetsi nawo amakwera mpaka kupitirira kutali 12V imene babu linapangidwira. Chimene chimawabweza ndi regulator, kabokosi kachitsulo kamizeremizere kaja komangidwa pa felemu, pansi pa thanki kapena cha kumpando. Kamasandutsa AC kukhala DC kuti batire lizitchajika, komanso kamataya magetsi opyola muyezo kudzera mu felemu. Kakalephera, woyamba kufa ndi babu.

Ngati mababu opsawo simunataye, ayang'aneni padzuwa. Galasi likada ngati lalowa utsi, kawaya ka m'kati katasungunuka, magetsi anachuluka. Galasi likakhala loyera bwinobwino, kawaya katangoduka, nthawi zambiri ndi kugwedezeka. Likakhala mbuu m'kati ngati chifunga, linang'aluka n'kulowa mpweya, mwina chifukwa madzi anadonthera pa babu lotentha. Funso lina lofunika: kodi kababu ka kumbuyo ndi timababu ta pa spidomita tikuyakabe? Ngati nato tapsa, palibenso chokayikitsa, magetsi akupyola.

Kenako pezani multimeter, mita yoyezera magetsi. Amagulitsa m'mashopu a zamagetsi ku Limbe, ku Malangalanga ku Lilongwe ndi m'matauni ena, ndipo makanika aliyense wodziwa ntchito yake amakhala nayo. Ikani pa DC 20V, mugunditse pa mitu iwiri ya batire. Injini itazima, batire labwino limaonetsa cha m'ma 12.5V mpaka 12.8V. Lizani injini, muwonjezere moto mpaka pakatikati. Payenera kuoneka pakati pa 13.5V ndi 14.5V, n'kukhazikika pomwepo. Mukaona 15V kapena 16V, nambala n'kumakwerabe ndi moto, regulator siikugwira ntchito yake, ndipo batire lanulo lakhala likuphikidwa; lingakhale litafufuma, litauma madzi, kapena likununkha ngati mazira owola. Nambala ikakana kufika 13V, batire silikulandira chakudya, ndipo apo muyang'ane mapulagi, regulator yomweyo, pomaliza koyilo. Ngati nyali ndi ya AC, yezaninso pa mawaya a babu mita ili pa AC, babu lili momwemo. Mamita otchipa sawerenga ndendende pamenepa, choncho chimene mukuyang'ana ndi chakuti nambala ikuima penapake kapena ikungokwera.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere, chifukwa ambiri ndalama zimatithera pomwepa. Mita ikaonetsa magetsi ochuluka, musathamangire kukagula regulator. Yambani mwaona earth yake, njira yoilumikiza ku felemu. Kabokosi kaja magetsi owonjezera kamawataya kudzera pa waya wa earth kapena pa bawuti yomwe kamangidwira. Njira imeneyo ikatsekeka ndi dzimbiri, penti kapena matope, regulator yabwinobwino imakhala ngati yakufa. Njinga yanga inandivuta chomwechi itangotha nyengo ya mvula. Ndinagula regulator yatsopano, mababu n'kumapsabe. Bambo wina wachikulire wokonza njinga ndiye anamasula bawuti imodzi pansi pa thanki, n'kupeza kamphete ka waya kali psuu ndi dzimbiri. Anapala ndi sandipepa mpaka chitsulo chinawala, anapaka girizi pang'ono, n'kumanga. Mita inatsika pomwepo kufika pa 14V, ndipo regulator yakale ija titaibwezera inagwira ntchito bwinobwino. Pa njinga zambiri zotengera mawaya a Honda, waya wa earth ndi wobiriwira, wachikasu ndi wa nyali kuchokera ku koyilo, wofiira ndi wopita ku batire. Zulaninso pulagi ya regulator muone ngati mano ake ada, achita zobiriwira kapena pulasitiki yasungunuka. Pulagi yolowa mokhwepa imatentha, ndipo magetsi akamadukaduka babu silikhalitsa.

Zikapezeka kuti regulator yafadi, pitani nayo yakaleyo kushopu. Kufanana kwa pulagi sikokwanira. Zilipo za mawaya anayi ndi za asanu, ndipo ngakhale za anayizo zimasiyana m'kati, ina ndi ya njinga ya nyali ya AC, ina ya DC yokhayokha.

Za batire, chonde musapitirize kuyenda ndi lakufa poti kiki ilipo. Batire limathandiza kuti magetsi a mbali ya DC akhale odekha, ndipo likafa kapena likachotsedwa, regulator yatsopanoyo ikhoza kutsatira yakale. Musayesenso njira ija yozula waya wa batire injini ikulira poona ngati njinga ikutchaja. Mita ndi imene ikuuzeni.

Babu lenilenilo, bwezerani la mphamvu imene yalembedwa pa lakale kapena m'buku la njinga. Pa njinga zotere kawirikawiri limakhala 12V 35/35W. La galimoto la 60/55W limalemera koyilo, limatenthetsa switch, n'kusungunula pokhalira babu. La halogen musaligwire pagalasi ndi zala, mafuta a m'manja amaliwononga. Gwiritsani ntchito kansalu koyera. LED ndi yabwino ndipo imadya pang'ono, koma yopangidwira DC yokha mukaiika pa waya wa AC imaphethiraphethira n'kufa msanga.

Wailesi, masipika, chaja ya foni ndi timagetsi tokongoletsa, zonse zimadya pa kakoyilo kamodzi komweko. Poyeza, zizuleni kaye. Ndipo fyuzi ikapsa, bwezerani ya nambala yomweyo, 10A kapena 15A monga yalembedwera. Kumangapo waya ndi kumene kumayatsa njinga moto.

Magetsi akapezeka ali bwino ndithu, gwedezani nyali ndi dzanja. Misewu yathu yafumbi ndi mabampu imamasula mabawuti ndi kudya timalabala, ndipo babu logwedera m'malo mwake silikhalitsa.

Mukayeza, bwerani mutilembere nambala zitatu: injini itazima, ikulira payokha, ndiponso mutawonjezera moto nyali ili chiyakire. Mutiuzenso ngati kababu ka kumbuyo kali moyo. Pakadali pano usiku musanyamule munthu, achimwene, chifukwa babu lotere limazima mwadzidzidzi pamene njinga yathamanga.