Kodi ndege za pulopela n'zachikale?

Wowerenga wina wanditumizira imelo yofunsa kuti: "Bwanji makampani akugulabe ndege za pulopela chikhalirecho majeti alipo? Amati sizidya mafuta ambiri, kodi n'zoona?"

Zikomo pofunsa. N'zoona ndithu, makamaka pa maulendo afupiafupi.

Ndege iliyonse imapita kutsogolo pokankhira mpweya kumbuyo. Mukhoza kukankha mpweya wochepa mothamanga kwambiri, kapena wochuluka mofatsa. Ndege imasuntha mofanana, koma mafuta otha safanana ayi. Liwiro la mpweya wokankhidwawo likawirikiza kawiri, mphamvu yopita nawo imawirikiza kanayi, ndipo yambiri imangomwazika kumbuyoko osathandiza kanthu. Pulopela ndi yotambalala, imakokolola mpweya wambiri n'kuukankha modekha. Mpomwe imaposera jeti pamenepo.

Musaganizenso kuti mkati mwake muli injini ya mapisitoni. Ndege za masiku ano zonga ATR 72 zili ndi turbine (chipangizo chozunguzidwa ndi mpweya wotentha wa mafuta oyaka) yofanana ndi ya jeti, kungoti mphamvu yake imadzera m'magiya n'kukazunguza pulopela. ATR 72-600, yomwe amailumikiza ku Toulouse m'dziko la France, imanyamula anthu pafupifupi 70 pa liwiro la makilomita 500 ndi kanthu pa ola. Kampani yake imanena kuti imadya mafuta ochepera ndi 45 peresenti poyerekeza ndi jeti ya msinkhu womwewo. Awa ndi mawu a wogulitsa, komabe chifukwa chake n'chomveka: jeti imasamala mafuta ikakwera kutali m'mwamba, ndiye pa ulendo wa ola limodzi imangofikako basi n'kuyamba kutsika.

Vuto la pulopela lili kunsonga kwa mipeni yake. Nsongazo zimathamanga kuposa ndege yeniyeniyo, ndipo zikayandikira liwiro limene phokoso limayendera mumpweya, mpweya umasokonekera, mphamvu imatayika, chiphokoso n'kuchuluka. N'chifukwa chake akatswiri anachulukitsa mipeni, kuipepuza, kuikhotetsera kumbuyo ngati chikwakwa, n'kuchepetsa kazunguliridwe kake. Dash 8-400 ili ndi mipeni 6 pa pulopela iliyonse ndipo imapitirira makilomita 650 pa ola. Airbus A400M, yonyamula katundu wa asilikali, ili ndi mipeni 8, ndipo mapulopela awiri a phiko limodzi amazungulira mosemphana kuti mpweya uyende bwino paphikopo.

Chimene chimandiwawa ndi ichi. Mafuta atakwera mtengo mu 1973, NASA, bungwe la ku America lofufuza za ndege ndi za m'mlengalenga, inayamba kufufuza mapulopela otha kuthamanga ngati jeti. Mu 1986 injini ya GE36, ya mizere iwiri ya mipeni yozungulira mosemphana popanda chotchinga chonga chimene chimakuta injini ya jeti, inauluka pa ndege ya Boeing 727, kenako pa MD-80. Inkagwira ntchito, mafuta inkasamaladi. Koma nthawi yomweyo mtengo wa mafuta unatsika, nkhawa ya phokoso inalipo, makampani a ndege n'kubwerera m'mbuyo. Nzeru yabwino chotere inakhala m'kabati zaka zoposa 30 chifukwa choti mafuta anatchipa kwa kanthawi!

Mu 2021 kampani yopanga injini za ndege ya CFM inaidzutsanso nkhaniyi ndi pulogalamu ya RISE, cholinga chake kuchepetsa mafuta ndi 20 peresenti kapena kuposerapo poyerekeza ndi injini za majeti a lero. Akadali ndi ntchito yotsimikizira kuti phokoso lachepa mokwanira, komanso kuti mpeni utathothoka m'mwamba sungaboole thupi la ndege, popeza palibe chotchinga choti chiugwire.