Ndikanene chiyani pa maliro a agogo a ku Steinbach?

Sabata ino ndalandira imelo yochokera kwa mayi wina wakwathu amene akukhala ku Steinbach, m'chigawo cha Manitoba ku Canada. Agogo ena aamuna oyandikana nawo nyumba, a mpingo wa Mennonite, atisiya ali ndi zaka 88. Mayiwa akuti m'chaka chawo choyamba kumeneko, chipale chofewa chikagwa usiku, ankadzuka m'mawa n'kupeza njira ya pakhomo pawo ili yokokola kale, mapazi a nsapato zazikulu atalowera ku nyumba ya agogowo. Ndi agogo omwewo amene anaphunzitsa amuna awo kulumikiza galimoto ku magetsi usiku kuti injini isaume ndi chisanu. Tsopano mwana wamkazi wa malemu wawapempha kuti akayankhulepo pambuyo pa mwambo wa maliro, ndipo akufunsa kuti kodi anthu amenewa ndi otani, nanga iwo akanene chiyani poti si achibale.

Pepani kwambiri, mayi. Munthu amene anakukokolerani pakhomo kusanache, inu muli mlendo wosadziwa kolowera, ameneyo ndi mbale wanu. Musakaime pamaso pa anthu ngati wongodutsa.

Kuti mumvetse khalidwe la agogowa, muyenera kudziwa kumene anthu awo anachokera. Dzina loti Mennonite linachokera kwa Menno Simons, wansembe wa ku Friesland m'dziko la Netherlands amene anatuluka mu Katolika mu 1536 n'kulowa gulu lobatiza munthu atakula ndiponso lokana kugwira zida zankhondo. Chifukwa cha mazunzo, ambiri anasamukira ku Prussia, ku dera lomwe lero lili m'dziko la Poland, kenaka mu 1789 anayamba midzi ku Chortitza, kumene nthawi imeneyo kunali pansi pa Russia koma lero ndi ku Ukraine. Boma la Russia litayamba kunena zowalemba usilikali, pafupifupi anthu 7,000 anawoloka nyanja kupita ku Manitoba m'zaka za m'ma 1870. Steinbach yomwe mukukhalayo inayambidwa mu 1874 ndi mabanja 18 okha. Ambiri mwa obwera oyambawo anadutsa nyengo yoyamba yachisanu m'tinyumba tokumba pansi, tofolera ndi zibuma za udzu, totchedwa semlin. Mukapita ku Mennonite Heritage Village, malo osungirako mbiri yawo m'tauni mwanu momwemo, mukakaona kamodzi. Lowanimo muwerame, muganize za mayi ali ndi ana m'menemo mwezi wa Januwale.

Gulu lina la anthu oposa 20,000 linabwera ku Canada kuchokera ku Russia komweko m'zaka za m'ma 1920, pothawa nkhondo ndi njala. Ambiri anakwera sitima pa ngongole ya kampani ya Canadian Pacific, ndipo ngongole imeneyo, yomwe ankaitcha Reiseschuld, inatha kubwezedwa mu 1946. Ngati makolo a agogo anu anali a gulu limenelo, ndiye kuti mwina anakulira m'nyumba imene kandalama kalikonse kankawerengedwa kawiri. Mwana wokulira m'nyumba yotero sataya msomali wopindika, amauwongola.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Anthu amenewa amaopa kudzikuza kuposa mmene amaopera umphawi. Kwathu pa maliro timachulutsa mawu, timati wagwa mtengo waukulu, mudzi watsala pa dzuwa, ndipo palibe cholakwika. Koma kumeneko mukakatamanda malemu motero, ana awo adzayang'ana pansi mwamanyazi, chifukwa akudziwa kuti bambo awo akanakhala moyo akanatuluka panja. Agogowa sanagogodepo kuti anene kuti ndakokola ndine. Ulemu umene ungawayenere ndi wofanana ndi mmene iwo ankachitira zinthu: mawu ochepa, oona, ogwirika.

Choncho kaneneni za chipale chija. Kanene nthawi imene munkamva fosholo ikukhula simenti kunja kudakali mdima, ndi mtundu wa chipewa chimene ankavala. Kanene tsiku limene munazindikira kuti ndi iwo, ndi zimene anayankha mutawathokoza. Ndikukhulupirira kuti ana awo nkhaniyi sakuidziwa. Abambo ambiri a m'badwo umenewo chikondi chawo chinkatulukira m'manja, pakamwa ayi, ndipo si ana onse amene anakula osadandaula nazo. Mwina pakati pa omvera padzakhala mwana wamwamuna wa imvi amene sanamvepo bambo ake akumuuza kuti wachita bwino. Musakawasandutse mngelo agogowa, poti ana awo amawadziwa kuposa inu. Ingokawapatsani kachidutswa ka moyo wa bambo awo kamene kanatsalira pakhomo panu.

Za mwambo weniweniwo, musadabwe mukaona bata. Sipakhala kugona pa siwa, sipakhala kulira mokweza. M'tchalitchi wina wa m'banja amawerenga mbiri ya malemu, kubadwa, ubatizo, ukwati, ntchito, ana ndi zidzukulu. Kenaka nyimbo, ndipo pamenepo ndi pamene mudzamve chisoni chawo, mpingo wonse ukuyimba mawu anayi, akuluakulu ena akukumbukira ndime za m'Chijeremani. Mukabwerako ku manda mudzakhala pa matebulo aatali kudya faspa: mabanzi, tchizi, jamu, nkhaka zoviika ndi khofi. Nthawi yoti aliyense wofuna aime n'kuyankhula, ena amaitcha freiwilliges, ndipo ndi imene akuitanirani. Mphindi ziwiri kapena zitatu zikwana. Misozi ikabwera musaibweze, palibe amene adzakuoneni zachilendo.

Chipepeso sachilengeza ngati kwathu. Kawirikawiri banja limatchula bungwe limene anthu angaperekeko pokumbukira malemu, ndipo nthawi zambiri limakhala Mennonite Central Committee, lomwe linayamba mu 1920 pothandiza anjala ku Ukraine, kapena Canadian Foodgrains Bank, lomwe linakhazikitsidwa mu 1983 ndipo likulu lake lili ku Winnipeg. Lachiwirili limandikhudza mtima. Alimi a m'madambo amenewo amalima munda limodzi, n'kupereka zokolola zake kuti zithandize anjala kutali, ndipo thandizo lake lafikapo ku Malawi kudzera m'mipingo. Ngati banja latchula limeneli, mukhoza kukanena mawu amodzi oti kumene mukuchokera njala mumaidziwa ndi maso, ndipo mukudziwa tanthauzo la thumba la chakudya likafika m'mudzi mwezi wa Febuluwale.

M'kalata mwanu mwati agogo aakazi akadalipo, ndipo atsala okha m'nyumbamo. Pakapita masabata awiri alendo adzakhala atabalalika, ana atabwerera ku Winnipeg ndi kwina. Kazingani mandasi, mupite Lamulungu masana pa nthawi ya faspa, mukhale nawo ngakhale nkhani zitasowa. Ndipo chipale chikadzagwa usiku, auzeni bambo a kunyumba atenge fosholo ayambire pakhomo la agogowo.