Timadzi tikamaphwa mu 96-well plate

Achimwene, mwafunsa chomwe chikuchititsa kuti timadzi tanu ta 20 µL (kadontho kakang'ono chabe) tiziphwa mukasiya mbale ya mu labotale ya timaenje 96 (96-well plate) mu incubator, bokosi losunga kutentha kosasintha, pa 37°C usiku wonse. Inenso zinandionekera: m'mawa ndinapeza timaenje ta m'makona tatsala ndi kachidontho koyera ka mchere pansi, ntchito ya sabata yonse itapita pachabe.

Timaenje ta m'mphepete ndi tomwe timayamba kuphwa, chifukwa mpweya wouma umafika kumeneko msanga. Ta m'mphepeteto tilipo 36. Musaikemo zoyesa zanu. Thiranimo madzi oyera kapena PBS (madzi a mchere a mu labotale), mugwiritse ntchito 60 ta m'kati. Inde, malo achepa, koma zotsatira zake mudzazikhulupirira.

Onaninso thireyi ya madzi ya pansi pa incubator. Anthu amaiiwala mpaka iume gwa! Ngati mulibe thireyiyi, ikani mbaleyo m'kabokosi kotseka bwino, pambali pake muikepo pepala lonyowa.

Ngati simukulera maselo ofuna mpweya, matani pamwamba ndi pulasitiki yomatira mbale, m'mbali muzungulize Parafilm (kapulasitiki kotamuka kotsekera ziwiya za mu labotale). Pa PCR (njira yochulukitsira DNA), chivundikiro cha makina chizitentha pafupifupi 105°C. Pa makina akale opanda chivundikiro chotenthachi, dontho limodzi la mafuta a mineral oil pamwamba pa timadzi limakwanira.